Chaka Chimene Mulungu wa M'phiri Anagona Kwathu

Osaka, 3 Juni 1968

Achimwene Shigenobu,

Mvula yayamba kuno, zovala sizikuuma n'komwe. Kaya ku Kuzuhara mwatha kuwoka mpunga? Ife tili bwino. Amuna anga a Tsuneo akadali kufakitale kwawo kwa misomali, ndipo akubwerabe akununkha oyilo. Mundiperekere moni kwa alamu anga a Mitsue.

Za bambo ndiye ndilibe zabwino. Madokotala anatsegula m'mimba Lachiwiri n'kungotsekanso osachotsa kanthu. Dokotala anandiitanira pakhonde, nati chotupacho chafalikira, ndipo bambo akachita mwayi adzaona masamba akufiira. Eni akewo sitinawauze. Iwo akuti ndi zilonda za m'mimba, ine n'kumavomera, ngakhale sindikudziwa kuti akunamiza mnzake ndani.

Dzulo ndikuwapukuta kumsana anati, "Fusae, masitepe a kukachisi kwathu ndi angati?"

Ndinati, "Okwanira kupweteka mawondo."

"Chitsiru iwe, ndi 312. Ndawasesa pafupifupi zaka makumi atatu. Ndikufuna ndikawakwere komaliza."

"Inu bambo, kupita kuchimbudzi kokha mpaka anamwino awiri, ndiye mukunena za phiri?"

Anakwiya n'kutembenukira kukhoma. Patapita nthawi anati, "Munthu sachoka pamudzi osatsanzika mwini mudzi. Ine ndinachoka ngati mbala, nditagona m'galimoto."

Ndiye nkhani ndi imeneyo, achimwene. Akufuna kubwera kudzasamba m'manja pamwala paja, kugwedeza belu, kuwomba m'manja kawiri ndi kunena zikomo. Sakupempha china. Komanso paja chaka chino maere anagwera nyumba yathu, inu ndinu toya, wosunga mulungu wa mudzi chaka chonse, ndipo mulungu wa m'phiri akugona m'nyumba yomwe bambo anabadwiramo. Akuti akufuna aone ndi maso awo chingwe cha mapesi, chizindikiro cha nyumba ya toya, chili pakhomo pathu. Dokotala akuti pakali pano ulendo angaupirire, sitima ndi basi, tsiku limodzi. Konzani chipinda chakumbuyo chija mundiuze tsiku.

Ndine mlongo wanu,
Fusae


Kuzuhara, 16 Juni 1968

Mlongo wanga Fusae,

Kalata yako ndalandira. Mpunga tatha kuwoka Lachisanu, madzi ndi okwanira. Mlamu wako ali bwino ndipo akupereka moni. Uthokoze a Tsuneo chifukwa chosunga bambo pafupi.

Ndawerenga za dokotalazo katatu. Sindidziwa kulemba zamumtima monga umachitira iwe, koma usaganize kuti ndine mwala.

Iwe unachoka kuno uli mtsikana, mwina waiwala kuti utoya si ulemu wokha. Ndimadzuka mbandakucha kukasamba kumtsinje, kaya kukuzizira kaya ayi. Chakudya changa chimaphikidwa pamoto wakewake. Nyama sindidya, pamaliro sindipita. Pa 1 ndi pa 15 mwezi uliwonse ndimakwera kukachisi ndi mpunga, mchere ndi mowa. Bokosi la mulungu lili m'chipinda cholandirira alendo, ndipo ngakhale mlamu wako salowamo. Pa nyumba 26 za m'mudzi muno, zonse zikuyang'ana kuno mpaka pa 15 Okutobala, tsiku lomwe ndidzanyamule bokosilo kulibwezera kumtunda.

Za ulendo wa bambo, nthawi ino si yabwino. Masitepe amera ndere, ineyo ndinaterereka dzana. Msewu wa basi wagumuka pamwamba pa mlatho. Ayembekeze mvula ithe. Kumeneko kuli madokotala ndi mankhwala, akhale kaye apeze mphamvu.

Ndatumiza bowa wouma, tiyi wa chaka chino, ndi chithumwa chimene wansembe wandipatsa. Uchimangirire pabedi pawo. Uwauze kuti masitepe ndikusesa ndine, asade nkhawa.

Ndine mlongo wako,
Shigenobu


Osaka, 21 Julayi 1968

Achimwene,

Moni wa dzuwa lotentha. Mvula inatha masabata awiri apitawo, nyenje zikusokosa ngakhale kuno kumene mitengo ndi yowerengeka. Tsiku ndi tsiku ndimasuzumira m'bokosi la makalata, koma zii. Kodi ndere za pamasitepe zakugwirani dzanja?

Bowa anafika, zikomo. Tadya ine ndi a Tsuneo, poti bambo tsopano akungomwa madzi a phala. Chithumwa ndinamangirira. Anachinunkhiza n'kunena kuti chikumveka mkungudza, ndiye anachigwira m'manja tsiku lonse ngati mwana wapatsidwa switi.

Akusowetsa mtendere wodi yonse ndi nkhani za kachisi. Pabedi loyandikana pali mkulu wina woyendetsa sitima, wobadwira m'tauni muno. Bambo amuuza zonse: mikungudza imene anthu asanu sangaikumbatire, agalu amiyala awiri aja, wina wothyoka khutu, madzi otuluka m'thanthwe, mikate ya mpunga ya mayi Kikuyo pansi pa chipata. Mkuluyo anati, "Akulu, ngati kwanu n'kokoma chotero, mukutaniko kuno konunkha mikodzo?" Bambo anati, "Mwana wanga akukonza msewu." Wodi yonse inaseka, ine ndekha ndinatuluka kukalira kosambira.

Dokotala wandiuza poyera. Akuti, "Mayi, ngati n'kupita kumudzi, pitani mwezi uno. Mwezi wamawa sindidzakulolani." A Tsuneo apempha kale masiku awiri kuntchito, akuti adzawabereka kumsana mpaka pamwamba.

Tsono ndifunse, achimwene, musakwiye. Kodi ndi alamu? Ndikudziwa kuti kusamalira nkhalamba yodwala si masewera, ndipo bambo pakamwa pawo sipakoma. Ngati alamu akuopa matewera ndi mabeseni, auzeni kuti ndidzachapa ndekha, sadzakhudza kanthu. Masiku atatu okha. Yankhani msanga, masiku sakutidikira.

Fusae


Kuzuhara, 2 Ogasiti 1968

Alamu anga a Fusae,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi bambo akunyumba. Kalatayi ndikulemba achimwene anu osadziwa, ndipo ndikaiponya ndekha popita kuchigayo. Mukawerenga muing'ambe.

Kalata yanu ndinaipeza m'thumba la malaya awo pochapa. Zandipweteka, alamu, koma sindikukuimbani mlandu. Chipinda chakumbuyo ndinachisesa mu Juni momwe, zofunda ndinayanika padzuwa. Apongozi anga ananditukwanapo chifukwa cha msuzi wamchere kwa zaka khumi ndi zisanu, koma matewera awo ndingachape ndi manja awiri.

Inu munali ndi zaka zitatu, ndiye mwina simukumbuka. Mu 1941 maere anagweranso nyumba ino, apongozi ndiwo anali toya. Mayi anu anamwalira kutatsala miyezi iwiri kuti chikondwerero chifike. Lamulo mukulidziwa: kholo, mkazi kapena mwana wa toya akamwalira, kaya wafera kuno kaya kutsidya kwa nyanja, toyayo wadetsedwa. Tsiku lomwelo, mtembo uli m'nyumba, akuluakulu anabwera, anadula chingwe pakhomo, n'kunyamula bokosi kupita nalo kwa a Kuwabara. Achimwene anu anali ndi zaka khumi ndi chimodzi, anaona zonse. Mpaka lero anthu akaledzera amanena banja lino kuti, "A Hatanaka aja, otula mulungu panjira."

Sabata yatha ndinalimba mtima n'kuwafunsa achimwene anu. Ndinati, "Bambo a kuno, bwanji apongozi angobwera?"

Anati, "Tsiku lonse m'sitima, dzuwa ili, kenako phiri? Adzafera pa sitepe la makumi asanu."

Ndinati, "Nanga si ndiko akufuna?"

Anaika timitengo todyera pansi, nati, "Ku Osaka kuli madokotala. Madokotala angawafikitse mu Okutobala."

Ndiye mwamva, alamu. Sikuti sakuwakonda. Akuwonda, sakudya bwino, ndipo m'mawa uliwonse akachoka kumtsinje amadula tsiku pa kalendala. Ine ndine mkazi wobwera, mawu anga amathera kukhitchini. Yesani inuyo.

Mlamu wanu,
Mitsue


Osaka, 9 Ogasiti 1968

Achimwene,

Moni ndilibe lero.

Musafunse kuti ndadziwa bwanji, ndinangowerenga kalendala ngati mmene mukuchitira inu. Si ndere ayi, si mlatho ayi. Mukufuna bambo asungidwe kuno ngati nsomba ya mumchere mpaka pa 15 Okutobala, kuti mudzavale zoyera, mudzayende patsogolo, a Kuwabara adzatseke pakamwa.

Mukudziwa chimene madokotala amachita kuti munthu afike mu Okutobala? Alowetsa paipi m'mphuno. Mikono yatupa ndi singano, tsopano akubaya kumapazi. Dzana anazula paipiyo, ndiye anamwino awamanga manja ndi nsalu. Bambo athu, amene ankanyamula matumba awiri a mpunga nthawi imodzi, amangidwa pabedi ngati mbuzi.

Mulungu wa m'phiriyo wakhala pamenepo zaka chikwi. Wagonapo kwa a Kuwabara, wagonapo kwa a Shimizu, sanadandaule. Mwezi umene dokotala analola watha kale, bambo atsala ndi masiku owerengeka oti angakwere basi. Ndikukugwadirani, achimwene, ine amene sindinakugwadirenipo chibadwire. Lembani liwu limodzi lokha, lakuti "bwerani", ndipo ndikawamasula ndekha.

Fusae


Kuzuhara, 30 Ogasiti 1968

Fusae,

Kalata yako ndakhala nayo masabata atatu. Ndayamba kuyankha kanayi n'kung'amba.

Ukunena ngati ndikuchitira ine ndekha. Iwe uli ku Osaka, ukatseka chitseko palibe amene amadziwa dzina la agogo ako. Ine ndidzafera kuno, ndipo ana anga adzatchedwa zomwe ndikutchedwa ine. Unali kamwana, sunaone nkhope ya bambo tsiku lomwe chingwe chinadulidwa. Mayi ali gone m'nyumba, iwo anaima panja n'kuweramira anthu aja, kupepesa. Anapepesa chifukwa mkazi wawo wamwalira! Ukuganiza kuti masitepe aja anawasesa zaka zonsezi chifukwa chokonda tsache? Ankabweza manyazi. Maere akatilambalala pano, adzabweranso ine ndili m'manda.

Ndikuchitira iwowo, kaya ukhulupirira kaya ayi.

Uwapemphe madokotala achite chilichonse chimene angathe. Atsala masiku 46. Pa 16 Okutobala ndidzakwera basi yoyamba, ndidzawatenga ndekha, ndidzawabereka kumsana kwanga osati kwa a Tsuneo, ndipo ndidzawaonetsa dzina la Hatanaka litalembedwa pathabwa la atoya m'kachisi. Masamba adzakhala atayamba kufiira. Adzakondwa kuposa mmene akanakondwera lero.

Mpunga wayamba kubereka, ukuoneka bwino. Chimphepo cha sabata yatha chinagwetsa nthambi ya mkungudza waukulu, koma denga la kachisi silinakhudzidwe. Uwauze zimenezo. Zinazi usawauze.

Shigenobu


Osaka, 24 Sepitembala 1968

Shigenobu mwana wanga,

Ndine bambo ako. Akulemba ndi Fusae chifukwa dzanja langa lakana. Ndamuuza alembe zokhazo zomwe ndikunena, asathire tsabola wake.

Kodi maluwa ofiira aja aphuka m'mizere ya minda? Nthawi yake ndi ino.

Mlongo wako ndi wosadziwa kubisa. Amandiwerengera makalata ako modumphadumpha, koma ine si mwana. Ndamulanda yomalizayo n'kumupatsa mnzanga woyendetsa sitima kuti andiwerengere yonse. Ndamva. Sindikukwiyira. Ndikanakhala iwe mwina ndikanachita zomwezo, ndipo n'chimene chikundimvetsa chisoni.

Za ulendo tazisiya. Dokotala wakana, ndiponso miyendo sindikuimvanso. Paipi yawoyi ndasiya kuizula. Imapweteka, koma ndawauza aike ina ngati ilipo. Ndiyesetsa kudikira, mwana wanga. Sindikulonjeza, koma ndiyesetsa.

Tsono mvera. Sitepe la 87 limagwedera, uponde chakumanzere. Bokosi ulinyamule mokweza kuposa pakamwa pako, mpweya wako usalikhudze. Usathamange, anthu a ng'oma amakonda kufulumiza, asiye. Ukafika pamwamba usayang'ane a Kuwabara, si iwo wawanyamulira.

Ukadzagwedeza belu, udzagwedezenso kamodzi m'malo mwanga. Udzanene kuti Tatsuji uja ankasesa akuti zikomo, sanathawe, anangochedwa.

Umuuze Mitsue kuti msuzi wake sunali wamchere kwenikweni.

Bambo ako,
Tatsuji

Achimwene, ndalemba monga ananenera. Tsabola wanga ndasunga. Fusae.


Osaka, 9 Okutobala 1968

Achimwene,

Moni mwachidule pa kakhadi aka. Ndibwera ndekha kuchikondwerero, pa basi ya m'mawa, ndipo ndibwerera tsiku lomwelo. Bambo anati ndipite ndikawaonere. Musavutike kundichingamira kapena kundikonzera pogona. Konzekani ntchito yanu ndi mtima umodzi.

Fusae


Osaka, 20 Okutobala 1968

Achimwene,

Kwazizira. Pa 16 simunabwere monga munalonjezera, ndipo ndikuthokoza, chifukwa sindikanatha kukuuzani izi m'maso. Khalani pansi musanapitirize.

Bambo anamwalira pa 6 Okutobala, Lamlungu, dzuwa lili pamutu. Anapirira mpaka kutsala masiku asanu ndi anayi. Cha m'mawa anandifunsa kuti, "Lero ndi pa chiyani?" Nditawauza anatseka maso nati, "Ndalephera." Kenako anandigwira dzanja. "Usamuuze. Ukamuuza ndidzakuzukira." Ndinati, "Bambo, mwana wanu wamwamuna asabwere pamaliro anu?" Anati, "Chingwe chija chisadulidwe kawiri." Sanayankhulenso.

Tinawawotcha pa 8. Tinalipo anthu atatu: ine, a Tsuneo, ndi mkazi wa woyendetsa sitima uja. Mafupa amene mumayenera kuyamba kutola inu ndinatola ine. Tsiku lotsatira ndinakulemberani kakhadi kaja.

Zimenezo ndi zomwe anandituma. Izi zotsatirazi sananditume, ndinachita ndekha. Ndinatenga kamtsuko kakang'ono ka mafupa awo, ndinakakulunga m'mpango wabuluu, n'kukaika m'chikwama changa. Chikwama chomwe munachiona ndachikumbatira tsiku lonse chija. Ndinakwera nawo, achimwene. Ine wamaliro wa masiku asanu ndi anayi, ndi mafupa a munthu m'manja, ndinalowa m'kachisi pa tsiku la mulungu.

M'basi ndinawakhazika pawindo. Ndinkawauza chamumtima: uwu ndi mlatho uja, akonza, iyi ndi minda, akolola, mpunga wayanikidwa pamitanda. Basi inachedwa, ndipo nditatsika ng'oma zinali zitafika kale kuchipata. Mayi Kikuyo anandikuwira ali pa mbaula yawo: "Iwe Fusae wa a Tatsuji! Wanenepa ngati mkazi wa bwana! Mdala uja akubwera liti, tsache lake likumusowa?" Anandikulungira mikate iwiri, akuti ndikawapatse. Ndinalandira n'kuseka.

Sindikukumbuka n'komwe mmene ndinadutsira pachipata. Ndikukumbuka kuti pamwala wosambira sindinakhudze madzi, ndinaopa. Ndinakwera kumbuyo kwa anthu onse, ndikuwerenga mokweza pang'ono kuti bambo amve. Mikungudza ija ikadali yomweyo, pansi pake pozizira, ponunkha chinyontho. Pa 87 ndinaponda chakumanzere. Galu wothyoka khutu uja wamera ndere mpaka m'maso. Ndinafika pa 312 mpweya utandithera, ndipo ndinati, "Bambo, tafika." Belu sindinagwedeze. Ndinangoima kuseri kwa mtengo, n'kutsegula chikwama pang'ono, n'kuchilozetsa kwa inu.

Munaoneka bwino, achimwene. Zovala zoyera, bokosi lili pamwamba pa nkhope, osathamanga. Ndinakudani chilimwe chonse, koma pamenepo ndinalira chifukwa munkayenda ngati iwo.

Kenako pabwalo munabwera kwa ine, akuluakulu atakuzungulirani, a Kuwabara ali pambali panu, n'kundifunsa mokweza kuti, "Bambo ali bwanji?" Ndinati, "Akupuma. Akupereka moni." Bambo ali pamimba panga, m'chikwama. Mowa wa mulungu ndinakana, ndinati basi indisiya. Kunyumba sindinapite ngakhale alamu anandikoka dzanja.

Ndadetsa chikondwerero chanu. Chaka chanu chonse cha madzi ozizira ndachithira dothi, inu osadziwa kanthu. Ngati pali tsoka, ligwere ine, inu manja anu ndi oyera. Muuze wansembe kapena musamuuze, zili kwa inu. Koma sindingapepese chifukwa chokwera nawo. Ndikupepesa chifukwa chokunamizani, basi.

Mafupa ali pano pa shelefu. Pa 23 Novembala akwana masiku 49, ayenera kulowa m'manda pafupi ndi mayi. Ndiuzeni chochita.

Fusae


Kuzuhara, 14 Novembala 1968

Fusae mlongo wanga,

Chisanu chayamba kugwa m'mawa. Masamba afiira n'kuyoyoka. Pepa pochedwa kuyankha, ukudziwa kale mmene ndilili.

Ukuti unandinamiza. Sunandinamize.

Ukuti sukukumbuka mmene unadutsira pachipata. Ine ndikukumbuka. Tinali titaima pamwala wosambira, wansembe akuwaza mchere, ine nditatembenukira kumunsi ndi bokosi m'manja. Ndinakuona ukubwera kuchokera kwa mayi Kikuyo. Anthu onse anadutsa pansi pa chipata. Iwe unafika, unawerama, kenako unapatukira kumanzere, unaponda m'maudzu, n'kuzungulira kuseri kwa nsanamira. Mwana aliyense wa kuno amadziwa amene amalambalala chipata chotero. Ndi wamaliro yekha. Pakamwa pako panaphunzira bodza ku Osaka, koma mapazi ako ndi a ku Kuzuhara.

Ena onse ankayang'ana wansembe. Ndinaona ndine ndekha. Ndinaonanso mmene unagwirira chikwama, ndi manja awiri, pamtima, ndipo palibe amagwira choncho chikwama cha mipango ndi tikiti.

A Kuwabara anali pafupi moti ndikanawakhudza ndi chigongono. Ndikanangonena kuti, "Landirani, bambo anga amwalira." Mawu anayi. Ndikanatsika, ndikanakulandira chikwamacho, ndikanawabereka monga ndinalonjezera, ngakhale mochedwa. Ng'oma zinayamba, ndipo ndinatembenuka n'kuyamba kukwera. Masitepe onse 312 ndinkakumva kumbuyo ukuwerenga.

Pabwalo paja sindinafunse kuti ndidziwe. Ndinafunsa mokweza, pamaso pa akuluakulu, kuti unamize iwowo m'malo mwanga, kuti tsiku lina zikadzadziwika adzati Shigenobu sankadziwa, wolakwa ndi mlongo wake. Ndinakusenzetsa zimenezo pamwamba pa zomwe unanyamula kale. Pa 16 sindinakwere basi chifukwa ndinkadziwa kuti kulibe woti ndikamutenge.

Belu ndinagwedeza kamodzi kokha. Kachiwiri kaja, ka iwo, dzanja linakana. Uthenga wawo sindinapereke.

Dzina lalembedwa pathabwa. Akuluakulu akuti sanaonepo toya wosamala ngati ine. A Kuwabara anandithira mowa ndi manja awo. M'mudzi ndalengeza kuti bambo anamwalira pa 19, ndipo anthu akuti, "Taonani mdala uja, anadikira mpaka mwana wake atamaliza." Akuti ndi mulungu anawagwira dzanja. Ndimawerama n'kuthokoza. Kwa wansembe ndapita kawiri, kawiri konse ndakamba za nthambi ya mkungudza. Mlamu wako ndamuuza zonse. Kuyambira tsikulo amandiikira chakudya n'kukadyera kukhitchini.

Masitepe sindinakwerenso. Lamulo likuti ndidikire masiku makumi asanu, koma si lamulo likundiletsa.

Maere agwera a Shimizu. Bokosi lapita, chingwe pakhomo tachotsa n'kuchiwotcha, moto m'nyumba ndi umodzi. Manda ndatsegula ndekha, ndalambula pafupi ndi mayi. Palibenso chimene munthu angadetse pano.

Ubwere nawo pa 22, basi ya masana. Tsiku la imfa yawo pa mwala wa pamanda ulembetse ndiwe, lomwe ukufuna, ine sindidzatsutsa. Ndidzakhala pamalo otsikira basi. Ukaona kuti sindiyenera kuwanyamula, usandipatse.

Mlongo wako,
Shigenobu